Mbalame Zachitsulo za ku Lifuwu

Ku Lifuwu ndinapitako chifukwa cha ntchito. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, kumene mpunga tinkauona pa Khirisimasi pokha, uli kale m'mbale. Koma nditamaliza maphunziro a zaulimi ananditumiza ku sikimu ya mpunga kuti ndikakhale mlangizi. Ndinatsika minibasi pa Salima ndili ndi chikwama, matiresi opinda pakati, ndi laputopu yakale imene achimwene anga anandisiyira atagula ina. Njira yotsalayo ndinakwera njinga yamoto, laputopu nditaikumbatira pachifuwa kuopa mabampu.

Nyumba ndinaipeza kwa mayi ena amasiye, Asilamu, amene ankachita geni ya usipa. Iwo ankakhala m'nyumba yaikulu, ine m'kanyumba ka kuseri. Ankanditchula kuti "alangizi" ngakhale ndinali wa msinkhu wa mwana wawo wamkazi, ndipo ine ndinkangoti "amayi". Anali munthu wolankhula mosabisa. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti nsalu yanga ya pazenera inali yonyansa, mawa lake n'kundibweretsera ina.

Chimene anzanga a kuntchito sankadziwa n'chakuti ndinkalemba nkhani zopeka za sayansi. M'nkhani zotere wolemba amatenga chinthu chimene sichinapangidwe, kapena nthawi imene sinafike, n'kudzifunsa kuti anthu adzakhala bwanji zimenezo zikadzachitika. Ndinayamba kuzikonda ndili ku sekondale. M'laibulale ya pasukulu munali katoni ya mabuku othothoka zikuto amene aliyense ankawalambalala. Ine ndinawawerenga onse, ena mpaka kawiri, ndipo ndikamamaliza folomu yomaliza n'kuti nditayamba kulemba zanga.

Vuto linali kwakuzitumiza. Munthu wongoyamba kumene sangatulutse buku lakelake, palibe angalisindikize. Khomo lake limakhala mabuku aja amene amasonkhanitsa nkhani za alembi osiyanasiyana. Akonzi a buku lotero amalengeza pa intaneti kuti akufuna nkhani, amanena mutu wake, kutalika kwake ndi tsiku lotsekera. Iwe umalemba, umatumiza pa imelo, kenaka umadikira miyezi. Pafupifupi onse ankafuna nkhani za m'Chingerezi, choncho nanenso ndinkalemba m'Chingerezi.

Netiweki kunyumba kuja inkavuta. Malo amene inkagwira bwino anali pamtumbira wa ngalande yaikulu, pafupi ndi geti yotsegulira madzi. Alimi anazolowera kundiona nditaima pamenepo, foni m'mwamba, ndipo ankaganiza kuti ndikutumiza malipoti kwa mabwana. Nthawi zina analidi malipoti. Nthawi zambiri zinali nkhani zanga, ndipo mayankho ake ndinkawawerengeranso pomwepo. Onse ankafanana. Ankathokoza, ankati nkhani zinabwera zambiri, ankandifunira zabwino kwina. Ndinkabweza foni m'thumba n'kupita kukaona mbande za mpunga.

Lamulungu lina masana, nditabwera ku tchalitchi, ndinakhala pakhonde kumalemba. Amayi anali atayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, akusankha usipa wouma, waukulu paokha, wophwanyika paokha.

"Alangizi, inu tchuthi mulibe? Lamulungu lomwe ndi makina?"

Ndinawauza kuti si za kuntchito, ndi nkhani yopeka. Anati ndiwafotokozere. Ndinayamba kuimasulira m'Chichewa. Inali ya woyendetsa chombo cha mumlengalenga amene anasochera pakati pa nyenyezi, akufuna kubwerera kumzinda wa kwawo wa nyumba zagalasi kumene kunkagwa chipale chofewa. Anamvetsera, manja ali pa usipa.

"Bamboyu ndi wa kuti?"

"Wa dziko lina, lakutali."

"Ali ndi abale?"

Ndinaganiza kaye. M'nkhanimo ndinali ndisanamupatse m'bale aliyense.

"Alibe."

"Pepani naye," anatero, n'kupitiriza kusankha usipa. Nditamaliza anati ndayesetsa, kenaka anandifunsa ngati ndinali nditatseka mpopi wa kuseri.

Sindinakhumudwe kwenikweni. Ndinkadziuza kuti nkhani zotere si za aliyense. Chimene chinandisintha maganizo chinachitika kumunda, m'nyengo imene mpunga umakhala utachita ngala ndipo mbalame zimatera ngati mtambo. Nthawi imeneyo banja lililonse limakhala kupuloti kwake kuyambira m'mawa, kumenya zitini, kukoka zingwe zomangirira mapepala apulasitiki, kukuwa mpaka mawu kusasa. Ndiye kunabwera anthu ena odzayeza malo, atanyamula kandege kakang'ono kopanda woyendetsa, kamene achinyamata amati dironi. Atakaulutsa, kanalira ngati gulu la njuchi, ndipo mbalame zonse za mbali imeneyo zinabalalika.

Ine ndinkayembekezera kuti anthu achita mantha kapena azizwa. Ayi ndithu. Mayi wina amene puloti yake inali kumapeto anataya chitini chake n'kuthamangira kwa woulutsayo.

"Achimwene, kameneka mungatibwereke mpaka tikolole?"

Bambo wina anafunsa ngati kamadya mafuta kapena magetsi. Wina anati kakagwera m'puloti yake ndiye kuti n'kake. Pasanapite nthawi anali atayamba kukangana kuti kakanakhala ka sikimu, kakanayambira kwa yani, ndipo ndani akanakasunga. Wapampando wa komiti ya madzi, bambo wamtali wa imvi amene ankakonda malamulo, anati choyamba pangafunike kusankha komiti.

Ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha. Zaka zonsezo ndinkalemba za anthu oyenda pakati pa nyenyezi amene sankakangana ndi mnansi, sankabwereka kanthu, analibe mlamu. Apa makina enieni anali atangouluka pamwamba pa mpunga, ndipo funso loyamba la anthu linali lakuti abwerekedwe.

Sabata yomweyo ndinayamba nkhani yatsopano. Ndinaiika ku Lifuwu komweko, koma zaka zambiri m'tsogolo, zidzukulu za alimi amenewa zitakalamba. M'nkhanimo sikimu inali ndi gulu la mbalame zachitsulo zoingitsa mbalame zenizeni. Woziyang'anira anali mayi wa ana atatu, wokonda kukangana ndi apongozi ake. Chaka china mayiyo anazindikira kuti mbalame zachitsulozo zasiya kulondera puloti imodzi ya kumapeto. Poyamba anaganiza kuti zawonongeka. Atazifufuza anapeza kuti zili bwinobwino, koma zinali zitaphunzira zokha kuti mbalame zenizeni zikapatsidwa malo amodzi odyera, kwina konse sizivutako. Tsoka lake, puloti imene makinawo anasankha inali ya apongozi ake aja.

Nkhani imeneyi inatuluka mosavuta kuposa zonse zimene ndinalembapo. Sindinkafunika kuganiza kuti matope amanunkha bwanji, kapena kuti mkangano wa pamsonkhano wa alimi umayamba motani. Nditaifotokozera amayi, usipa anausiya. Ankandidula mawu pafupipafupi. Ankafuna kudziwa ngati apongoziwo anali aakazi kapena aamuna, ndiponso chifukwa chimene mwamuna wa mayiyo ankangokhala chete. Pamapeto anandiyang'ana ndi nkhope ya nkhawa.

"Koma alangizi, za m'tsogolo amadziwa ndi Mulungu yekha. Inu simukulosera apa?"

"Ayi amayi, sindikunena kuti zidzachitika. Ndikungofunsa kuti zitati zachitika, tingatani."

Anabwerera ku usipa wawo.

"Ndiye muzinena kuti Inshallah mukamalemba. Sizikuchotserani kanthu."

Nthawi yomweyo n'kuti akonzi ena akufuna nkhani za alembi a mu Africa zokamba za ulimi ndi chakudya m'tsogolo. Ndinakwera pamtumbira paja n'kutumiza. Miyezi inadutsa. Tinakolola, tinapuntha, amalonda anabwera ndi magalimoto awo n'kupita. Ndinali nditaleka kuiganizira pamene yankho linafika. Silinali ngati ena aja. Mkonzi analemba kuti nkhaniyo waikonda, koma ikufunika ntchito, ndipo anapempha kuti tilankhulane pa foni.

Anaimba tsiku lina m'mawa ndili pakati pa kuonetsa alimi kapangidwe ka manyowa. Ndinapepesa, ndinasamba m'manja m'ngalande, n'kuthamangira pamtumbira. Anali mayi wa dziko lina la mu Africa muno, wolankhula mofulumira ndiponso woseka msanga. Sanazungulire. Anati masamba awiri oyamba achoke onse, chifukwa ndinkangofotokoza mmene makinawo amagwirira ntchito ngati ndikuphunzitsa kalasi.

"Yambirani pamene mayiyu akupeza puloti itadyedwa. Owerenga adzamvetsa makinawo akamawaona akugwira ntchito."

Zinandiwawa, chifukwa masamba amenewo ndinawavutikira, ndinachita kuwerenga za mabatire ndi mphamvu ya dzuwa. Koma ndinadziwa kuti akunena zoona. Anatinso mawu a Chichewa amene ndinawamasulira m'munsi mwa tsamba ndiwasiye opanda kumasulira, nkhaniyo idzawafotokoza yokha. Chimenecho chinandidabwitsa, ndipo chinandisangalatsa.

Kenaka anafika pa mathero. M'nkhani yanga alimi anakangana kwa masiku, koma pomaliza anagwirizana kuti chaka chilichonse puloti imodzi izisiyidwira mbalame, mosinthana, ndipo mwini wake azigawiridwa mpunga ndi anzake. Mkonziyo anati mathero amenewa ndi ofewa kwambiri. Ankafuna kuti zinthu zivute. Mwina mvula ikanike, nyanja iphwe, anthu aphwanye makinawo chifukwa cha njala.

"Nkhani zambiri zimene talandira zikuonetsa mavuto aakulu. Yanuyi ikutha ngati msonkhano wayenda bwino."

Ndinaima pamtumbirapo foni ili kukhutu. Ndinkaopa kuti ndikakana, khomo limene linali litangotseguka litsekeka. Kumunsi kwanga alimi anali akundidikira pa mulu wa manyowa, ena atakhala pa makasu awo.

"Pepani, pamenepo pokha sindisintha," ndinatero. "Njala ndikuidziwa, ndinaionapo kwathu. Koma kuno msonkhano kutha anthu atagwirizana si chinthu chaching'ono. Ine ndimakhala m'misonkhano imeneyi. Madzi a ngalande imodzi amadanitsa anthu obadwa mimba imodzi. Ngati zidzukulu zathu zidzathe kugawana puloti ndi mbalame popanda kumenyana, kwa ine chimenecho n'chodabwitsa kuposa makinawo."

Mkonziyo anati, "Chabwino. Koma zimene mwandiuza panozi m'nkhanimo mulibe. Kugwirizanako kukubwera mosavuta. Ndionetseni kuti kunali kovuta. Wina ataye kanthu."

Apanso ankanena zoona. Ndinabwerera ku nkhaniyo n'kuilembanso kangapo. Apongozi aja ndinawapatsa chifukwa chenicheni chokanira: puloti imeneyo ndi imene amuna awo anailima mpaka kumwalira. Mayi woyang'anira makina uja anapambana pamsonkhano, koma apongozi ake sanamulankhulenso mpaka mpunga wina utapsa. Mkonziyo ankabweza nkhaniyo ili ndi ndemanga m'mphepete, ine ndinkakonza n'kutumizanso. Nthawi zina tinkalimbana pa liwu limodzi. M'miyezi imeneyo ndinaphunzira zambiri za kulemba kuposa zaka zonse zimene ndinkalemba ndekha.

Buku litatuluka, anatumiza kope langa kwa achimwene anga ku Lilongwe, chifukwa sindinkakhulupirira kuti lingafike ku Lifuwu. Achimwene analipereka kwa kondakitala wa minibasi ya ku Salima, ndipo ine ndinakalilandira ku depoti Loweruka masana. Linali mu envulopu yakhaki yothimbirira ndi madzi a tomato pakona. Ndinakhala pa benchi ya wogulitsa zakumwa n'kulitsegula. Nkhani yanga inali chapakati, pakati pa ya mlembi wa kumadzulo kwa Africa ndi ya wina wa kumpoto. Ndinawerenga dzina langa, ndinatseka bukulo, ndinalitsegulanso kuti ndione ngati likadalipo. Mayi wogulitsa zakumwayo anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro, chifukwa misozi inali kutsika. Ndinamuonetsa tsambalo. Anati, "Ndinu inuyo?" Kenaka anaitana mnzake wogulitsa nthochi kuti adzaone.

Kunyumba amayi analigwira ndi manja awiri, atapukuta kaye m'chitenje. Chingerezi sankawerenga, koma anapeza liwu lakuti Lifuwu ndi chala, n'kulipezanso pa tsamba lina.

"Alhamdulillah. Ndiye anthu akunja awerenga za kuno?"

"Awerenga, amayi."

"Bwenzi mutaikamo ndi za usipa."

Nkhani inafalikira, chifukwa amayi sankasunga chinthu. Pa msonkhano wotsatira wa alimi, titamaliza kugawana masiku okonza ngalande, wapampando wa komiti ya madzi anaimirira n'kunena kuti amva zoti alangizi alemba buku lonena za sikimu, ndipo n'koyenera kuti eni sikimu alimve. Ndinayesa kufotokoza kuti buku si langa lonse, komanso kuti nkhaniyo ndi yopeka. Anati zilibe kanthu, ndiwerenge.

Tinali mu shedi yosungira mpunga, anthu atakhala pa matumba. Ndinkawerenga chiganizo m'Chingerezi chamumtima, n'kuchinena m'Chichewa. Nditafika pamene apongozi akupeza puloti yawo itadyedwa, anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo maso onse anatembenukira kwa agogo ena amene ankadziwika ndi ukali. Agogowo anati, "Mukundiyang'ana chiyani? Ine mpongozi wanga amandikonda." Kusekako kunawirikiza.

Nditamaliza sanawombe m'manja. Anayamba kukangana. Bambo wina anati nzeru ya makinawo ndi yabodza, mbalame ukazipatsa puloti imodzi zimaitana zinzake. Mayi wina anati ayi, iye anaonapo kuti munda wa mapira ukakhala pafupi, mpunga umapumako. Wina anafunsa kuti mwini puloti yodyedwayo angagawiridwe matumba angati, ndipo ndani angaonetsetse kuti aliyense wapereka. Wapampando anamenya tebulo kuti anthu azilankhula mmodzimmodzi. Palibe anafunsa ngati makina otere angakhaleko. Ndinakhala pa thumba langa, buku lili pamiyendo, ndikumvetsera anthu akulimbirana za alimi amene sanabadwe.

Ndisaname, zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Nkhani ziwiri zimene ndinatumiza pambuyo pake zinakanidwa, imodzi ndi mkonzi yemwe uja. Koma tsopano kukanako kunkabwera ndi zifukwa, ndipo ndinkadziwa pokonza. Ina inalandiridwa m'buku lachiwiri patapita chaka. Kenaka alembi ena a konkuno anaganiza zosonkhanitsa nkhani zotere m'zilankhulo zathu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalemba nkhani yonse m'Chichewa kuchokera pachiyambi. Inandivuta kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinatha masiku ndikufunafuna mmene ndingatchulire makina oganiza okha popanda kumveka ngati ndikuwerenga chikalata cha boma. Pomaliza ndinasiya anthu a m'nkhanimo awapatse dzina lachipongwe, monga mmene timachitira ndi chinthu chilichonse chatsopano chikafika pamudzi.

Tsiku lina foni inalira, nambala yachilendo. Anali namwino wa pachipatala china cha ku Senga Bay. Anati anamva za ine kwa wodwala wina, mlimi wa ku sikimu, ndipo analankhula monyinyirika ngati munthu wopempha chinthu chochititsa manyazi. Nayenso ankalemba nkhani zotere, koma anali asanaonetsepo munthu aliyense.

Tinakumana Loweruka m'mawa pa kantini ina pafupi ndi msika. Anabwera ndi yunifolomu, akuchokera kuntchito. Anali wamkulu kwa ine, mayi wa ana akuluakulu, wochokera ku Mzimba. Nkhani yake inali ya chipatala choyandama chimene chinkayendera midzi ya asodzi, momwe dokotala wake anali makina koma azamba anali anthu. Ndinaiwerenga pa foni yake tiyi akuzizira. Iye ankangoyang'ana kunja, kwa akabaza amene ankalimbirana makasitomala.

"Ndi yabwino," ndinamuuza. "Koma tsamba loyambali lichoke. Yambirani pamene bwato la mayi woyembekezera likufika."

Anandiyang'ana ngati ndamuponda chala.

"Tsamba limenelo ndi limene ndinalivutikira kwambiri."

"Ndikudziwa, achemwali."

Anatenga foni yake, anawerenganso mwakachetechete, milomo ikugwedera. Kenaka anaitanitsa tiyi wina ndi mandasi, nati ndimuonetse kumene akonzi amalengezera. Panali buku lina limene linkafuna nkhani za umoyo, ndipo tsiku lotsekera linali lisanafike. Tinagwirizana kuti tonse titumize, iye yake, ine yanga, ndipo aliyense awerenge ya mnzake isanapite.

Masiku ano timakumana kamodzi pamwezi, ndipo tawonjezekera. Kunabwera mphunzitsi wa masamu wa ku Chinguluwe amene amalemba nkhani zazitali kwambiri ndipo sakonda kudulidwa, komanso mayi wina wogwira ntchito ku loji amene amalemba zoseketsa zokhazokha. Mwini kantini anatizolowera, amatisungira tebulo la pakona pamene pali soketi. Mwezi wathawu namwino uja anafika mochedwa, akupuma mwawefuwefu, foni ili m'manja. Sanakhale n'komwe pansi. Anati mkonzi wamuyankha, akufuna alankhulane Lachiwiri, ndipo iye sakudziwa kuti akanene chiyani. Tinamukokera mpando, mphunzitsi uja anaitanitsa tiyi, ndipo tinayamba kuwerenga ndemangazo limodzi kuchokera pamwamba.